Dzanja Lothira Mchere: Mbiri ya Mphika wa Ndiwo Pakati pa Achewa ndi Anansi Awo

Chiyambi

Nsima siithiridwa mchere. Ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia ndi m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mayi amatereka madzi pamafuwa, n'kuthira ufa, n'kuvundula mpaka nsima itapsa, koma dzanja lake silipita ku chitini cha mchere ngakhale kamodzi. Mchere wonse wa chakudya cha tsikulo umalowa mumphika wina, wa ndiwo, ndipo umalowa ndiwozo zikadali pamoto. Pofika nthawi yosamba m'manja, nkhani ya mchere imakhala itatha kale. Wakudya angathe kunena kuti ndiwo zakolera, kapena kuti zawawa mchere, kapena kuti mchere sukumveka, koma mawu onsewa ndi chiweruzo pa ntchito ya munthu mmodzi, wophikayo.

M'nyumba za anthu olemera a ku Ulaya wakale zinthu zinali zosiyana. Kumeneko mchere unkaikidwa patebulo, poonekera, m'chotengera chimene chinkasonyeza ulemerero wa mwini nyumba, ndipo aliyense ankadzithirira yekha. Chotengera mchere chagolide chimene Benvenuto Cellini anapangira Mfumu Francis I ya ku France, chomalizidwa mu 1543, chikusungidwa mpaka lero m'nyumba yoonetsera zinthu zakale ku Vienna. Pakati pa Achewa ndi anansi awo palibe chiwiya chotere chimene makolo anasiya, pakuti malo a mchere anali mumphika, osati pamphasa.

Kusiyana kumeneku kukuoneka ngati kochepa, koma pali zambiri zimene zatsamira pa iko. Popeza mchere wa banja lonse umadutsa m'dzanja limodzi, aliyense amene wakhala ndi cholinga pa moyo wa banjalo wayesa kulamulira dzanja limenelo. Anamkungwi analiikira malamulo, amalonda analisandutsa kasitomala, boma linalituma kugawa mankhwala, ndipo madokotala akulipempha kuti lichepetse muyeso. Nkhani ino ikutsata mbiri imeneyi kuchokera m'nthawi imene mchere unali wosowa kufikira m'nthawi imene wachuluka mopitirira.

Mchere wa m'dothi ndi wa m'phulusa

Anthu okhala kumtunda, kutali ndi nyanja yamchere, sankaupeza mchere mosavuta. Munthu amene chakudya chake chachikulu ndi nyama ndi mkaka amapezeratu mchere m'zakudyazo. Mlimi wodalira mapira, mawere, chimanga ndi masamba saupeza wokwanira, ndipo thupi lake limaufuna. David Livingstone, amene anali dokotala, anaona zimenezi pamene ankakhala pakati pa Abakwena m'dziko limene lero ndi Botswana. M'buku lake la 1857, lotchedwa Missionary Travels and Researches in South Africa, anafotokoza kuti anthu osauka, opanda ng'ombe, amene ankadya mizu ndi zomera zokhazokha, ankavutika m'mimba kawirikawiri, ndipo ankapeza bwino akawapatsa kasupuni ka mchere.

Alimi a m'dera lino anali ndi njira zitatu zoupezera. Njira yoyamba inali kutcheza dothi lachikungu. Pamene Livingstone yemweyo ankayenda m'chigwa cha Shire mu 1859, pafupi ndi dambo lalikulu limene iye analitcha Elephant Marsh, anapeza khamu la anthu litamanga misasa likupanga mchere. Ankasakaniza dothi ndi madzi mumphika woboola pansi, ndipo madzi odonthawo ankawaumitsa kuti patsale mchere. Poona kuchuluka kwa amayi amene ankachoka pamalopo atasenza matumba, iye anazindikira kuti mchere wopangidwa pamenepo unali wambiri ndithu. Elias Mandala, m'buku lake la 1990 lonena za mbiri ya chigwa cha kumunsi kwa Shire, anasonyeza kuti pakati pa Amang'anja kutcheza mchere inali ntchito ya amayi, monga momwe kusula zitsulo kunalili ntchito ya amuna. Ntchito yomweyi inkachitikanso m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, imene madzi ake ndi amchere pang'ono chifukwa ilibe mtsinje wotulukira. Ernest Gray analemba za Anyanja opanga mchere kumeneko mu 1945.

Njira yachiwiri inali ya phulusa. Kumene kunalibe dothi lachikungu, amayi ankamweta mitundu ina ya udzu wa m'dambo ndi zomera za m'madzi, n'kuziyanika, n'kuzitentha. Phulusa lake ankaliika mumphika woboola woyalidwa udzu pansi, n'kuthira madzi pamwamba. Madzi otsikawo ankawawiritsa mpaka atauma, ndipo chotsala chinali mchere wotuwa, wowawirako. Mchere wotere umakhala ndi potaziyamu wambiri kuposa mchere wa kunyanja. Mbale wake ndi chidulo, madzi otchezedwa kuchokera ku phulusa la zitsononkho, makoko a mtedza kapena a nyemba, amene ntchito yake yaikulu ndi kufewetsa masamba ndi kuphikira therere. M'makomo ambiri soda wogula kusitolo ndiye anatenga malo a chidulo.

Njira yachitatu inali malonda, ndipo ndi yakale kwambiri. Ku Ivuna, pafupi ndi Nyanja ya Rukwa kumwera kwa Tanzania, Brian Fagan ndi John Yellen anafukula malo amene anthu ankapangirapo mchere kuyambira m'zaka za m'ma 1200 mpaka m'ma 1400, ndipo anafalitsa zimene anapeza mu 1968. Ku Chibwa, pafupi ndi Mpika ku Zambia, kunali dambo lotchuka ndi mchere wa udzu, ndipo mafumu a Abemba analanda ulamuliro wa dera limeneli kwa Abisa m'zaka za m'ma 1800. Yohanna Abdallah, m'buku lake la 1919 lonena za mbiri ya Ayao, anafotokoza kuti mchere unali pakati pa zinthu zimene Ayao ankabwera nazo kuchokera kugombe la nyanja yaikulu, pamodzi ndi nsalu ndi mikanda, posinthanitsa ndi makasu, fodya ndi zikopa. Njira zonsezi zinali zolemetsa. Kutcheza kunkafuna nkhuni zambiri ndi masiku ambiri, ndipo mchere wa malonda unkayenda pamutu pa munthu kwa milungu. Choncho mchere umene unkafika pakhomo unali wochepa, wofunika kuusamala.

Momwe kusowa kunaumbira kaphikidwe

Munthu amene ali ndi kachitsa kamodzi ka mchere, pamene akudya ndi anthu asanu ndi atatu, ali ndi njira imodzi yokha yoti aliyense aumve: kuusungunula mumsuzi. Kuuthira munsima kukanakhala kuumwaza, chifukwa nsima ndi yambiri ndipo ikanameza mchere wa sabata yonse tsiku limodzi. Kuuika pamphasa kuti aliyense atape kukanapatsa mwayi wamkulu ndi wadyera, mwana n'kutsala wopanda kanthu. Ndiwo ndi zochepa, ndipo mbamu iliyonse ya nsima imasunsidwa mmenemo isanalowe m'kamwa. Mphika wa ndiwo unali chida chogawira chinthu chosowa mwachilungamo, ndipo wogawayo anali mayi wophika.

Kusowa komweku kukuonekanso m'njira zosungira chakudya. Kumpoto kwa Ulaya, kumene mchere unkapezeka wochuluka, nsomba ndi nyama zinkasungidwa poziunjikira mchere m'migolo. M'dera lino ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi dzuwa ndi utsi. Usipa umayanikidwa pathandala, nsomba zazikulu ndi nyama zimawambidwa, ndipo nkhwani ndi khwanya zimafutsidwa n'kusungidwa m'chikwatu kudikira chilimwe. Nsomba youmitsidwa ndi mchere imadziwika m'misika ya ku Malawi ndi dzina lakuti bakayawo, lochokera ku mawu a Chipwitikizi, ndipo dzina lachilendoli likuchitira umboni kuti kasungidwe kameneka kanachita kubwera.

Ofufuza oyamba amene anakhala pansi kuyang'anitsitsa zimene anthu a m'midzi ankadya anapeza mchere udakali chinthu cholakalakidwa. Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, anafotokoza m'buku lake la 1939, Land, Labour and Diet in Northern Rhodesia, momwe anthu ankaufunira mchere ndi momwe unkagwirira ntchito posinthanitsa ndi zinthu zina. Ku Nyasaland, kafukufuku wa zakudya wotsogozedwa ndi B. S. Platt anayamba mu 1938 m'midzi ya m'boma la Nkhotakota. Mmodzi wa ofufuzawo, Jessie Williamson, anadzalemba buku la Useful Plants of Nyasaland mu 1955, ndipo mmenemo anatchula zomera zimene amayi ankatentha pofuna phulusa lophikira.

Pali malo ena pamene munthu amadzithirira yekha mchere, ndipo ndi bwino kuona kuti ndi malo otani. Wogula kanyenya kapena tchipisi pachiwaya amatsina mchere ndi tsabola m'mbale ya wogulitsa. Ana amatowa mchere ndi mango osapsa. Wodya chimanga chootcha pamsewu amachita chimodzimodzi. Zonsezi ndi zakudya za panjira, za pamsika ndi za pamowa, zodyedwa kunja kwa nyumba. Mchere wa pambali ndi wa paulendo. Mchere wa pakhomo ndi wa mumphika.

Mdulo: lamulo la makolo pa dzanja lophika

Chinthu chimene chimadutsa m'dzanja limodzi n'kulowa m'matupi a anthu onse a pakhomo sichikanalephera kukhala ndi malamulo. Pakati pa Achewa malamulo amenewa ali m'chiphunzitso cha mdulo, umene ena amautcha tsempho. W. H. J. Rangeley analemba za mdulo mu 1948, Max Marwick mu 1965 pofotokoza za Achewa a kum'mawa kwa Zambia, Brian Morris mu 1996, ndipo J. W. M. van Breugel anaupatsa malo aakulu m'buku lake la Chewa Traditional Religion, lofalitsidwa mu 2001.

Chiphunzitsochi chimagawa anthu kukhala otentha ndi ozizira. Munthu amene wakhala malo amodzi ndi mwamuna kapena mkazi ndi wotentha. Khanda, mwana wosatha msinkhu ndi nkhalamba yoleka za m'banja ndi ozizira. Wotentha akakhudzana mosayenera ndi wozizira pa nthawi zoopsa, monga pobadwa mwana, pachinamwali kapena pamaliro, amamudula. Zizindikiro zake, monga momwe akuluakulu amazitchulira, ndi kutupa miyendo ndi masaya, kupweteka pachifuwa, kutsokomola, kuwonda, ndipo nthawi zina kusanza magazi. Mchere ndiwo njira yodziwika kwambiri imene ngoziyo imadzera. Mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina akathira mchere m'ndiwo, amadula mwamuna wake. Mayi amene ali kumwezi sathira mchere m'ndiwo za banja lake. Limeneli ndi limodzi mwa malangizo oyamba amene anamkungwi amapatsa mtsikana akangotha msinkhu.

Chimene mayi amachita pa masiku otero ndi chodziwika kwa aliyense amene anakulira kumudzi. Amaphika zonse monga mwa masiku onse, koma ikafika nthawi ya mchere amaitana mwana wamng'ono, n'kumusonyeza muyeso, mwanayo n'kuthira. Mwana ndi wozizira, choncho dzanja lake silidula munthu. Ana ambiri akhala akutumidwa ntchito imeneyi osadziwa chifukwa chake, n'kudzazindikira atakula.

Funso loyenera kufunsa ndi lakuti, n'chifukwa chiyani mchere, osati ufa kapena madzi? Anansi a Achewa anaika ngozi yofananayo pa zinthu zina. Richards, m'buku lake la 1956 lotchedwa Chisungu, anasonyeza kuti kwa Abemba chinthu chachikulu chotetezedwa ndi moto wophikira, umene munthu wosadziyeretsa sayenera kuukhudza. Moto ndi mchere zikufanana pa mfundo imodzi: zonse zimasandutsa chakudya, ndipo zikagwira ntchito yake sizibwezeka. Mchere ukasungunuka suonekanso, sungachotsedwe, ndipo umafika kwa aliyense wosunsa mumphikawo. Wakudya alibe njira youyesera asanadye. Amangokhulupirira wophika. Lamulo la mchere linali njira ya makolo yonenera kuti chikhulupiriro chimenechi ndi nkhani ya moyo ndi imfa.

Lamuloli linalinso chiyankhulo. M'banja limene ulemu sulola mwamuna ndi mkazi kutchula zinthu zina poyera, kuitana mwana kuti adzathire mchere kunali kulengeza popanda mawu. Mwamuna womva kuitanako ankadziwa kuti masiku amenewo ndi odikira. Apongozi ankadziwa kuti mimba palibe. Mayi wophika anali ndi mphamvu ndithu, pakuti mudzi wonse unkavomereza kuti thanzi la mwamuna ndi ana lili m'dzanja lake.

Koma mphamvu imeneyi inali ndi mtengo wake, ndipo wolipira kawirikawiri anali mayi yemweyo. Malamulo a mdulo amamanga amuna ndi akazi omwe, ndipo mwamuna wochita chigololo mkazi wake ali ndi pakati amaimbidwa mlandu waukulu. Komabe pa nkhani ya mchere, wokayikiridwa ndi wophika. Zizindikiro za mdulo zimafanana ndi za matenda amene achipatala amawadziwa ndi mayina ena: kutupikana kwa ana operewera zakudya m'thupi, chifuwa chachikulu ndi kuchepa kwa magazi. Mwana akatupa m'miyezi ya njala, funso loyamba silinkakhala lakuti wadya chiyani, koma lakuti wathira mchere ndani. Edzi itadziwika ku Malawi mu 1985, anthu ambiri anaimasulira poyamba monga mdulo, tsempho kapena kanyera, monga momwe John Lwanda anafotokozera m'zolemba zake zonena za ndale, chikhalidwe ndi zachipatala. Kumasulira kotero kunali ndi nzeru zake, chifukwa kunkalumikiza matendawo ndi chiwerewere, koma kunkachedwetsa odwala kupita kuchipatala ndipo kunkasiya amayi ambiri atasenza mlandu wa imfa zimene sanachititse.

Mchere wa m'sitolo

Chimene chinathetsa kusowa kwa mchere chinali mayendedwe. Kampani ya African Lakes, yokhazikitsidwa ku Glasgow mu 1878, imene anthu ankaidziwa ndi dzina lakuti Mandala, inatsegula masitolo m'madera ambiri, ndipo amalonda achimwenye anafika mpaka m'timisika ta kumidzi. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Njanji yochokera kudoko la Beira inafika pamtsinje wa Zambezi mu 1922, ndipo mlatho wa pamtsinjewo unatsegulidwa mu 1935. Kuyambira pamenepo mchere wa kunyanja yaikulu unkatha kubwera m'matumba pasitima, woyera ndi wotsika mtengo kuposa umene mayi akanatcheza yekha.

Mchere unalowanso m'malipiro. Amishoni ndi akuluakulu a boma la atsamunda ankayenda nawo pa maulendo awo kuti azigulira mazira, nkhuku ndi ufa m'midzi. Phoso la antchito a m'minda ya azungu, ndi la amuna opita kumigodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, linkakhala ndi ufa, nyemba ndi mchere. Amuna amenewa anazolowera kuona mchere ngati chinthu cha tsiku ndi tsiku, ndipo anabwerera kwawo ndi m'kamwa mozolowera ndiwo zokolera kwambiri.

Kwa banja, uku kunali kupepukidwa. Kwa amayi otcheza mchere, kunali kutha kwa ntchito imene inkawapatsa chuma chawochawo. Mayi amene agogo ake ankagulitsa mchere kwa anthu ochokera kumapiri tsopano anayenera kupempha kwa mwamuna wake ndalama ya mchere ndi sopo, mawu amene mpaka lero amatanthauza zofunika zochepetsetsa za pakhomo. Dzanja lothira linakhalabe lomwelo, koma gwero la mchere linasamukira kutali, kumene mayiyo analibe mawu. Mchere wambiri wodyedwa ku Malawi umachokera kunja, makamaka kugombe la Mozambique ndi ku Botswana, kumene fakitale ya ku Sowa, m'chigwa cha Makgadikgadi, inayamba kugwira ntchito mu 1991.

Boma lilowa mumphika

Kudalira mchere wogula kunatsegula khomo limene palibe anali kuliyembekeza. Dothi la madera ambiri a kumapiri, kutali ndi nyanja yamchere, lili ndi ayodini wochepa, ndipo mbewu zomera mmenemo zimakhalanso zoperewera. Thupi likasowa ayodini, pakhosi pamatupa, matenda amene amadziwika kuti chithokomiro. Choopsa kwambiri sichioneka ndi maso: mwana wobadwa kwa mayi woperewera ayodini ubongo wake sukula mokwanira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ofufuza ochokera kuyunivesite ya Wageningen ku Netherlands anagwira ntchito pakati pa ana a sukulu m'boma la Ntcheu, ndipo anapeza kuti ana operewera ayodini amene anapatsidwa mankhwalawo anachita bwino pa mayeso a kaganizidwe kuposa anzawo.

Njira yothira ayodini mumchere inayamba ku Switzerland mu 1922 ndi ku United States mu 1924. Msonkhano wa atsogoleri a mayiko wokambirana za ana, umene unachitikira ku New York mu 1990, unagwirizana zothetsa vutoli pofika chaka cha 2000, ndipo mu 1994 mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mchere wonse wodyedwa uzikhala wothira ayodini. Dziko la Malawi linakhazikitsa lamulo lake mu 1995, chaka chomwecho chimene South Africa inakakamiza zomwezo. Ntchitoyi sinayende popanda zolakwika. Madokotala a ku Zimbabwe analemba mu 1995 kuti odwala matenda obwera ndi kuchuluka kwa ayodini anawonjezeka mchere wotere utayamba kugulitsidwa, ndipo mu 1996 mabungwe aja anatsitsa muyeso wovomerezeka. Pofika pa kafukufuku wa michere ya m'thupi wa 2015 mpaka 2016, zinapezeka kuti ana a sukulu ndi amayi a ku Malawi, kuwatengera pamodzi, anali ndi ayodini wokwanira.

Chipambano chimenechi chinatsamira pa chizolowezi chakale chija. Mchere unasankhidwa chifukwa aliyense amaudya tsiku ndi tsiku, wolemera ndi wosauka yemwe, pa muyeso wosasinthasintha. Pakhomo pamene mchere umasungunuka mumphika umodzi, mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera amalandira gawo lawo popanda wina kukumbukira kuwapatsa. Makhalidwe amene anachititsa makolo kuopa mchere, oti suoneka, suchotseka ndipo umafika kwa onse, ndi omwewo amene anachititsa boma kuusankha. Ngakhale malangizo atsopano anapita kwa munthu yemweyo amene anamkungwi ankamulangiza. Mayi anauzidwa kuti agule mchere wa m'paketi yolembedwa, ausunge m'chitini chotseka kutali ndi moto ndi chinyontho, ndipo authire ndiwo zitatsala pang'ono kupsa.

Pamene wosowa uja wachuluka

Vuto la lero ndi losiyana ndi la makolo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya mchere wosafika magalamu 5 patsiku, umene ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi, chifukwa mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2009 anapeza kuti ku Malawi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Matenda amenewa ndiwo amabweretsa sitiroko, imene imapha kapena kupuwalitsa munthu amene dzulo lake anali kumunda.

Pano m'pamene kusiyana kwa mchere wa mumphika ndi mchere wa kwina kukukhalanso kofunika. Ku Britain, pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mchere umene anthu amadya amakhala kale m'zakudya zogula zopangidwa m'mafakitale, choncho boma likafuna kuuchepetsa limayankhula ndi makampani. South Africa, kumene buledi ndi nyama zokonzedwa kale zimadyedwa kwambiri, inalengeza malamulo mu 2013 oika malire a mchere mu buledi, soseji, majarini, supu wa m'mapaketi ndi zina, ndipo malamulowo anayamba kugwira ntchito mu June 2016. Njira imeneyi singafike patali m'midzi ya ku Malawi, kum'mawa kwa Zambia kapena ku Tete, kumene gawo lalikulu la mchere limathiridwa pakhomo, ngakhale kuti timibulu tokometsera ndiwo tawonjezera mchere wobisika m'miphika yambiri.

Dera limene likufanana ndi lino pa nkhani imeneyi ndi midzi ya kumpoto kwa China, kumene mchere wambiri umathiridwanso pophika. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2021, wochitika m'midzi 600 pakati pa anthu pafupifupi 21,000, anapatsa mabanja mchere umene gawo limodzi mwa anayi linali potaziyamu. Ophika sanasinthe kaphikidwe kawo, koma sitiroko inachepa ndi magawo 14 pa 100 alionse. Mu January 2025 bungwe la WHO linavomereza mchere wotere kwa akuluakulu opanda vuto la impso. Wodziwa mbiri sangalephere kukumbukira mchere wa phulusa wa makolo, umene unalinso ndi potaziyamu wambiri. Kufananaku sikuyenera kukokomezedwa, pakuti mchere wa phulusa unalibe muyeso wodziwika, sunali wothira ayodini, ndipo chidulo, monga soda, chimawononga mavitamini ena a m'masamba. Komabe kukusonyeza kuti mchere woyera wa m'paketi si mchere wokhawo umene anthu a m'dera lino anaudziwapo, ndi kuti m'kamwa mwa anthu mumasintha pamene zinthu zasintha.

Mawu omaliza

M'zaka zosakwana 200, mchere wa m'dera lino wachoka m'dothi la m'chigwa cha Shire n'kupita m'sitolo ya Mandala, wachoka m'malangizo a anamkungwi n'kulowa m'malamulo a boma. Chimene sichinasinthe ndi malo ake ndi munthu wouthira. Mayiyo wauzidwa masiku oti asathire, mtundu woti agule, nthawi yoti athire, ndipo tsopano muyeso woti asapitirire. Pa nthawi iliyonse iye ndiye woyamba kufunsidwa munthu akadwala pakhomo, koma si kawirikawiri pamene opanga malamulo amamufunsa zimene akudziwa.

Zimene akudziwazo si zochepa. Amadziwa kuti nyemba zimafuna mchere wosiyana ndi wa bonongwe wotendera, kuti bakayawo amaviikidwa kaye m'madzi, ndi kuti mwamuna amene wazolowera ndiwo zowawa mchere amakankha mbale akapatsidwa zochepa, mlandu n'kugwera wophika. Ntchito yochepetsa mchere imene idzalankhule kwa iye yekha, n'kusiya amuna ndi ana amene amaweruza ndiwo zake, idzangomupatsa mlandu watsopano pamwamba pa wakale. Muyeso weniweni wa mchere wa banja sulembedwa papaketi. Umapezeka pamene mayi wadontheza msuzi pachikhatho, n'kulawa, n'kuganizira anthu amene akudikira pamphasa.